Tinapitadi ku Magoe kukaona mbalame

Abale anga, mwezi watha ndinafunsa ngati Ogasiti ndi nthawi yabwino yokaonera mbalame za m'madzi ku Paki ya Magoe, m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique. Ena munati tidikire Novembala, pamene mbalame zochokera ku Ulaya zimafika. Munanena zoona, koma ife tinapitabe, ndipo sindikudandaula.

Tinanyamuka ku Songo, tauni ya pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kusanache, kamphepo kakuluma makutu. Nyengo ino udzu wauma, madambo aphwa, ndiye mbalame zaunjikana pomwe madzi atsala. Sitinavutike kusaka. Akakowa, atsekwe, nkhwazi ziwiri zikulira moyankhana pamwamba pa mtengo wouma.

Amene anandigwira mtima ndi chiswankhono. Ndinamuonera pafupi, ataponda m'matope, nkhono ili pamlomo. Mlomo wakewo sutsekeka bwino pakati, pamatsala kampata, ndipo anasolola nyama yokha n'kusiya chigoba. Nantchengwa tinangoona chisa chake, chimulu cha timitengo pamphanda.

Amene mukupita, tengani madzi akumwa ambiri, chifukwa pofika masana dzuwa la chigwa cha Zambezi limaswa mtengo. Komanso chonde musayandikire gombe mwachisawawa, ng'ona ndi mvuu zilimo. Tibwererakonso Novembala.