Ulendo wa ana a kalabu ya zisudzo ku Chamare Museum, ku Mua

Mphunzitsi wa zisudzo:
Akuluakulu, ndikufuna kutenga ana 40 a kalabu ya zisudzo kukaona Chamare Museum, nyumba yosungiramo ndi kuonetsera zinthu za chikhalidwe. Tikonzekere bwanji kuti ana akaphunziredi za magule, osangokazungulira n'kubwerako? Nanga njira yabwino ndi iti pochokera ku Lilongwe?

aPhiri a ku Mtakataka:
Aphunzitsi, malowa ali pa Mua Mission m'boma la Dedza, pafupi ndi Mtakataka, mukapatuka pa msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka. Mishoniyi inayamba mu 1902, ndipo Chamare ili mkati mwa KuNgoni Centre, malo a luso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Njira ndi ziwiri: kudzera ku Salima, kapena kudzera ku Dedza n'kutsika chitsetso cha Khwekhwerere mpaka pa Golomoti. Ngati basi ndi yodzaza, ndikupangirani ya ku Salima. Khwekhwerere ndi wokhotakhota, ndipo dalaivala wosazolowera amangodalira mabuleki mpaka atenthe, m'malo motsika ndi giya yaing'ono.

Imbani foni masiku angapo ulendo usanachitike kuti akusungireni wokuonetsani. Ana 40 musawalowetse nthawi imodzi, agaweni m'magulu atatu kapena anayi. Zipinda si zazikulu, ndipo akumbuyo samva kalikonse. Patulani maola awiri a m'nyumbamo mokha. Zojambulidwa pa makoma a kunja nazonso zimafotokoza mbiri, musazidutse.

Nachisale:
Aphunzitsi, chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti anthu amathera nthawi m'chipinda choyamba, cha mbiri ya mishoni, nadzafika m'chipinda cha Gule Wamkulu atatopa. Kwa ana a zisudzo, chachiwiricho ndiye mutu wa ulendo. Muli nkhope za Gule zoposa 400, ndipo palibe amene angazigwire m'mutu zonse. Mwana aliyense asankhe Gule mmodzi, afunse zinthu zinayi: amatuluka pa mwambo uti, nyimbo yake imati chiyani, amavina motani, ndipo amadzudzula kapena kuphunzitsa khalidwe lanji.

Nkhope yopachikidwa sikuuza zonse. Chadzunda ndi nkhalamba ya nkhope yakuda, imalowa m'bwalo motsimphina, koma ikayamba kuvina mphamvu zimabwerera, ndipo phunziro lili pa kusinthako. Maliya amavina mwaulemu ngati mayi wa khalidwe. Simoni ndi wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Makanja ndi wamtali zedi. Mwana akangojambula nkhope m'kope osafunsa kayendedwe, wataya theka la nkhani. Afunsenso za ng'oma, makamaka mbalule, chifukwa ndi imene imatsatira mapazi a chilombo n'kumayankhana nacho, pamene amayi akuomba m'manja ndi kuvomereza nyimbo.

Aonenso zipangizo: mtengo wosema, utoto, nthenga, khonje, nsanza, zikopa. Zilombo zikuluzikulu monga Kasiyamaliro zimalukidwa ndi nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga, ndipo kumudzi zimatenthedwa mwambo ukatha. Zoterezi sizichedwa kuonongeka ndi chinyezi, chiswe ndi thukuta la m'manja. Choncho kukhudza ayi.

Mbewe:
Ndionjezere za ulemu, pakuti apa m'pamene maulendo a sukulu amabweretsa milandu. Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, koma eni ake akadali mafumu ndi anthu olowa. M'chipinda cha Gule salola kujambula zithunzi, ndiye mafoni akhale m'matumba, ana atenge makope ndi mapensulo. Awuzeni pasadakhale kuti asakakamize wokuonetsani kuulula za kudambwe. Pakati pa ana anu pangakhale olowa ndi osalowa, ndipo funso limodzi lachibwana lingathe kuyambanitsa anthu m'basi yonse. Makolo alembereni kalata yonena mosabisa zimene ana akukaona, popeza ena amakana chifukwa cha chipembedzo, ndipo ndi bwino akane ulendo usanayambe.

Chachikulu: mukabwerako musapange nkhope yofanana ndi ya Gule n'kuiveka mwana pa siteji. Tengani luso lokha, monga kalowedwe m'bwalo, kuyankhana ndi ng'oma, ndi kudzudzula khalidwe loipa moseketsa. Nkhope za sewero lanu zikhale zanuzanu.

aPhiri a ku Mtakataka:
aMbewe anena zoona. Chipinda chachitatu, cha Angoni ndi Ayao, musachilumphe, muli zovala ndi zida zovinira ingoma. Ngati thumba likulola, poimba foni paja funsaninso mtengo wa chionetsero cha magule, chifukwa sichichitika tsiku lililonse ndipo ovina amafunika kuitanidwa nthawi ikadalipo. Tengani ndalama zapamanja, madzi akumwa okwanira ndi kamba, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala fikani m'mawa, kuchigwako kumatentha kwambiri masana.