Malasha a m'migodi afika ku Chipata: tigule kapena tisiye?

Atate ake Mwai: Anzanga, pali wina wabweretsa malasha a m'migodi, osati a mitengo ayi, akuti ndi a ku Maamba. Nkhuni zadula, ndiye ndimati ndiwotchere njerwa zanga ku Mchini. Koma ndaswa chibulumwa chimodzi, m'kati muli timizere tonyezimira ngati golide. Ndigule?

Amake Tisa: Golide? Gulani matumba onse, mutikumbukire ife a ku Kapata!

Aphunzitsi: Amake Tisa, si golide ameneyo. Ndi pyrite, chitsulo chogwirana ndi salfa. Akapsa amatulutsa utsi wa sulphur dioxide, uja wotsamwitsa ngati machesi ongoyatsa kumene. Wa mphumu akaupuma, usiku sagona. Koma ine chimene chimandiopsa ndi mulu wounjika pabwalo. Pyrite akakumana ndi madzi ndi mpweya amapanga asidi, mtundu womwe uja wa m'batire ya galimoto. Madzi ochucha pamulu amasiya matope ofiirira ngati dzimbiri, ndipo ku Mchini kuja n'kotsetsereka, adzathera m'madimba a anthu.

Malume a ku Katete: Aphunzitsi akunena zoona. Ine ndinaunjika matumba khumi kuseri kwa balani ya fodya, dzinja lonse. Pamene panadutsa madzi ake udzu unapserera, lata limene ndinatsamiritsa pamulu linabooka ngati sefa.

Achimwene Zulu: Inu mukuopseza munthu. Tayang'anani mapiri otizungulirawa mmene ayerera, mitengo yonse yathera m'mauvuni. Komanso magetsi amene mukuchajira mafoniwa, ena akuchokera kumalo opangira magetsi a ku Maamba komweko, mamegawati 300 kuyambira 2016. Amayaka ndi chiyani, mapesi?

Aphunzitsi: Achimwene, za mitengo sindikutsutsa. Koma malo aakulu otero amakhala ndi njira zogwirira salfa, ena amathira laimu m'moto. Uvuni wa Atate ake Mwai uli ndi chiyani? Mphepo basi. Kukanakhala ine, ndikanagula otsukidwa okha, chifukwa kutsuka kumachotsako pyrite, n'kuwaika pasimenti pofolera. Musaunjikenso mulu wautali, umatentha wokha m'kati mpaka kufuka.

Amake Tisa: Nanga pambaula, tingaphikire nyemba?

Aphunzitsi: M'nyumba ayi, mayi, chonde.

Atate ake Mwai: Ndamuimbira wogulitsa malasha uja. Ndamufunsa ngati ndi otsukidwa, akuti "malasha satsukidwa, si mbale." Pepala la kumgodi alibenso. Malume, uja wa utuchi wa matabwa nambala yake mudakali nayo?