Ndithandizeni pa mbiri ya Mtakataka ndi Parishi ya Mua

Makolo anga, abale ndi alongo a ku Dedza, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndikusonkhanitsa mbiri ya msika wa Mtakataka ndi tchalitchi cha Mua kuti ana athu adzaiwerenge m'Chichewa.

Za mishoni zilipo zambiri zolembedwa. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, m'dera la Inkosi Kachindamoto, m'munsi mwa mapiri a Dedza. Pambuyo pake panatsegulidwa chipatala cha odwala khate, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni, komwe masiku ano alendo amakaona zigoba za Gule Wamkulu ndi ziboliboli. Koma mbiri imeneyi imakamba kwambiri za ansembe. Akatekisiti, oumba njerwa ndi amayi amene ankatunga madzi omangira tchalitchi satchulidwa kawirikawiri, ndipo zimenezi zimandiwawa mtima.

Pa msika ndiye mpamene ndikufuna thandizo lenileni. Njanji yopita ku Salima inatha kumangidwa mu 1935, yodutsa pa Mtakataka. Kodi msikawu unayamba chifukwa cha siteshoni ya sitima, kapena anthu ankagulitsana kale nsomba za kunyanja ndi mbatata za kumapiri pamalo pomwepa? Nanga sitolo zoyamba anamanga ndani?

Ngati muli ndi agogo amene anabatizidwa ku Mua, chithunzi chakale, kalata ya ubatizo kapena nyimbo yomwe ankaimba pomanga, chonde ndiuzeni. Ndipitanso ndekha kukacheza ndi agogowo ngati angalole.