Kodi buku la maulendo lingalembedwe ndi mwini mzinda?

Mlowoka:
Ndili ndi funso kwa inu nonse okonda kuwerenga. Tinazolowera kuti buku la maulendo limalembedwa ndi munthu amene wafika kuchilendo, koma pali alembi ena amene amayendayenda mu mzinda wawo womwe n'kumalemba za misewu, mipanda ndi malo okwerera basi ngati akuziona koyamba. Kodi zolemba zoterezi tingazitchule kuti ndi za maulendo, kapena ndi mbiri ya moyo wa mlembiyo basi?

Nachisale:
A Mlowoka, ine ndikuona kuti n'zotheka, pokhapokha mlembiyo atadziikira lamulo lomukakamiza kuona zimene maso ake anasiya kalekale kuziona. Georges Perec, mlembi yemwe anabadwira ku Paris, anakhala masiku atatu mu Okutobala 1974 pa bwalo la Saint-Sulpice mu mzinda womwewo, akulemba chilichonse chodutsa pamaso pake: nambala za mabasi, nkhunda zouluka pamodzi, anthu onyamula zikwama, mtundu wa galimoto. Tchalitchi chotchuka chimene chili pamenepo sanataye nacho nthawi, poti ena anali atachifotokoza kale. Mlendo sakanachita zimenezo, chifukwa iye amathamangira zomwe anamva mbiri yake.

Gogo Wamabuku:
Mundikhululukire, mayi Nachisale, koma kuwerenga mabasi si ulendo ayi. Ulendo umafuna kuti munthu asochere, afunse njira, adabwe ndi chilankhulo. Mwini mzinda akafika pa mphambano amangokumbukira ubwana wake, ndipo wowerenga wakutali amatsala m'malere.

Nachisale:
Agogo, ngoziyo ilipodi, ndipo mabuku ambiri otere amagwera m'dzenje lomwelo. Komabe mzinda umasintha mwini wake ali momwemo, mpaka iye n'kusanduka mlendo pakhomo pake. Ivan Vladislavić, amene wakhala ku Johannesburg zaka zambiri, anatulutsa *Portrait with Keys* mu 2006, buku la tizigawo 138 tonena za makoma okwera, maloko, alonda ndi mulu wa makiyi umene anthu a kumeneko amayenda nawo chifukwa choopa akuba. Kumapeto anaikako njira zosiyanasiyana zowerengera tizigawoto, zazitali ndi zazifupi, kuti wowerenga asankhe yekha podzera. Kusochera kumene mukufunako kuli m'menemo.

Gogo Wamabuku:
Za makiyizo zandigwira mtima, ndilifunafuna bukulo. Koma pa za a Perec ndi nkhunda zawo sindinasinthe maganizo.