Kodi chikalata chomangira munthu cha ku Zomba chingagwire ntchito ku Mzuzu?

NaPhiri: Abale, ndithandizeni. Mlongo wanga anali pa belo, koma sanapite kukhoti la majisitireti ku Zomba tsiku la mlandu wake. Pano ali ku Mzuzu, akuti apolisi akumeneko sangamugwire poti ndi boma lina. Zoona zimenezi?

Bambo a Chisomo: Akudzinamiza ameneyo, mayi. Polisi ya Malawi ndi imodzi, ndipo chikalata chikasainidwa ndi majisitireti chimagwira ntchito paliponse m'dziko muno. Angamugwire ngakhale pa rodibuloko ali m'basi.

Wakumudzi: Akamugwira, gawo 42 la malamulo aakulu a dziko likuti aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Koma belo yachiwiri idzavuta, poti anathawapo kale. Amene anamuimira pa belo yoyamba nawonso ali m'madzi.

NaPhiri: Mayo, anamuimira ndi amalume athu! Ndimuimbira usiku uno, akwere basi mawa tikakumane ku Zomba akadzipereke yekha. Amayi sakugona tulo.