Mike Martin wa Florida State: magemu 2,029 koma chikho ayi, timuike pati?

Nambewe:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndakhala ndikutsatira baseball ya makoleji a ku America kwa kanthawi ndithu ndipo nkhani ya Mike Martin imandikhudza kwambiri. Bambowa anakhala kochi wamkulu wa timu ya yunivesite ya Florida State kuyambira 1980 mpaka 2019, zaka 40 pa timu imodzi, anawina magemu 2,029 ndipo palibe kochi wina wa Division I (gawo lapamwamba la masewera a makoleji) anafikapo pamenepo, ku mzinda wa Omaha ku College World Series, mpikisano womaliza wolimbirana chikho cha makoleji, anapitako ka 17 koma chikho sanachigwireko olo kamodzi mpaka anamwalira mu February 2024. Ndiye kodi tingawaike limodzi ndi akuluakulu ngati Augie Garrido kapena ayi?

Mjomba_wa_Masewero:
Mchemwali ine ndinena mosabisa, ulemu ndimawapatsa a Martin koma pa Garrido sakufikapo. Garrido anatenga chikho kasanu, katatu ndi Cal State Fullerton mu 1979, 1984 ndi 1995, kenako anapita ku Texas nkukatenganso 2002 ndi 2005. Masukulu awiri osiyana, anyamata osiyana, zipatso zomwezo. Skip Bertman naye ku LSU kasanu, Rod Dedeaux ku USC anatenga zaka zisanu zondondozana 1970 mpaka 1974. Ukapita ku Omaha ka 17 nkumabwerako chimanjamanja ndiye kuti penapake pamavuta basi.

Nachisale:
Ayi amalume apa sindikuvomerezani. Anthu timangoona chikho osaona mmene ntchito ya kochi wa koleji imawawira. Nthawi yonse ya a Martin malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewera a makoleji, anali othina, kwa zaka zambiri timu yonse imaloledwa maskolashipu 11.7 okha, ndiye uwagawe tizidutswa kwa anyamata oposa 30, wina theka wina kotala, makolo nkumawanyengerera kuti alipire yotsalayo. Kuonjezera apo mwana wamulondola kuyambira ku sekondale, wavomera kubwera, mwadzidzidzi timu ya MLB, ligi yaikulu ya akatswiri, yamutenga pa draft (pomwe matimu amasankha osewera atsopano) ndi ndalama zambiri ndiye wapita, ndipo amene wabwerayo akatha zaka zitatu nayenso amapita pomwe wayamba kupsa. Chaka ndi chaka ukumanga nyumba yatsopano. Mmenemo munthu nkumawina magemu osachepera 40 sizoni iliyonse kwa zaka 40, osaphonyako mpikisano wa NCAA ngakhale chaka chimodzi, zimenezo si zamasewera ayi.

Komanso ku Omaha kumapita matimu 8 okha ndipo ukagonja kawiri wapakira. Pitcher (woponya mpira) wako mmodzi akadzuka ndi mkono wolemera tsiku limenelo zonse zathera pompo. A Martin anafika mu fainolo 1986 nkugonja ndi Arizona, 1999 anagonja ndi Miami 6 kwa 5, kusiyana kamodzi kokha. Kamodzi kameneko kafufute ntchito ya moyo wonse? Ine zimandipweteka.

Ndipo muone anyamata amene anadutsa mmanja mwawo, Deion Sanders, J.D. Drew, Buster Posey. Posey anafika ku Tallahassee, komwe kuli Florida State, ngati shortstop (woteteza mkati mwa bwalo), konko ndi kumene anamusandutsa catcher (wowakha mpira wa pitcher), kenako anakatenga World Series, chikho cha MLB, katatu ndi San Francisco Giants.

Achimwene_K:
Ndingoonjezerapo za chiyambi chawo poti ambiri sadziwa. Iwowa anasewerako ku Florida State komweko cha mma 1965 ndi 1966, anabwereranso ngati wothandizira mu 1975, ndiye Dick Howser atachoka kupita kukatsogolera New York Yankees mpando unagwera iwo. Anthu amangowatchula kuti Eleven chifukwa cha nambala ya pa jezi. Rekodi ya Garrido ya magemu 1,975 anaidutsa mu May 2018, pasanathe miyezi iwiri Garrido atamwalira. Atapuma, mwana wawo Mike Martin Jr. anatenga mpandowo koma mu 2022 anachotsedwa, pamenepo mpomwe mungaone kuti zomwe ankachita bambo akewo sizinali zophweka.

Nambewe:
Zikomo nonse. Amalume mfundo yanu ya zikho ndaimva ndipo sindingaitsutse, koma za maskolashipu 11.7 zija sindinkazidziwa, zandisinthako maganizo ndithu. Anachisale, paja chaka chawo chomaliza cha 2019 anafikanso ku Omaha eti? Ndikufuna ndikasake magemu amenewo ndiwaonere.