Kodi tingaphunzitse bwanji sayansi ya ku koleji pogwiritsa ntchito ziwerengero zenizeni?

NaBanda, Ulónguè:

Aphunzitsi anzanga, ndimaphunzitsa fizikisi ndi sayansi ya zachilengedwe kwa ophunzira a chaka choyamba pa koleji ina kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru. Ophunzira anga amaloweza mafomula bwinobwino, koma ndikawapatsa tebulo la ziwerengero zochita kuyeza kuti alongosole zimene likuonetsa, ambiri amangoti kakasi, ndipo ena amalemba yankho losatheka osadabwa nalo n'komwe. Ndikufuna kuti chaka chino mbali yaikulu ya phunziro ikhale yopanga modelo ya masamu (kufotokoza chinthu chenicheni pogwiritsa ntchito masamu) ndi kusanthula deta (ziwerengero zosonkhanitsidwa), koma kalasi ndi yaikulu, makompyuta ndi ochepa, ndipo zitsanzo za m'mabuku n'zakumaiko akutali. Kodi inu amene munayesapo njirayi munayambira pati, nanga ziwerengero munazipeza kuti?

Mbewe, Songo:

Mayi NaBanda, chitsanzo chabwino tili nacho m'chigawo chathu chomwe chino, ndicho damu la Cahora Bassa. Lili ndi makina 5 opangira magetsi, lililonse la mphamvu ya mamegawati (MW) 415, ndipo onse pamodzi amakwana 2075 MW. Ine ndimawapatsa ophunzira mfundo yokhayi, n'kuwafunsa kuti madzi odutsa m'makina amodzi pa sekondi ndi ochuluka bwanji. Asanagwire kalikuleta, aliyense amayamba walemba chiwerengero chimene akuchiganizira, chifukwa munthu amene wanena maganizo ake amafunitsitsa kudziwa ngati walondola.

Akatero amapanga modelo yosavuta: mphamvu imapezeka pochulukitsa kulemera kwa madzi otsika pa sekondi ndi kutalika kwa pamene akugwera, n'kuchotsapo gawo limene limatayika m'makina. Akatenga kuti madzi amagwa mamita pafupifupi 100 ndipo makina amasandutsa 90 peresenti kukhala magetsi, amapeza makiyubiki mita pafupifupi 470 pa sekondi. Phunziro lenileni limabadwa pamene gulu lina lagwiritsa ntchito mamita 171, amene ndi kutalika kwa khoma la damulo, n'kupeza 275. Pamenepo sindifulumira kuweruza. Ndimawasiya atsutsane mpaka ataona okha kuti chofunika ndi kusiyana kwa mulingo wa madzi a m'nyanja ya damulo ndi wa mtsinje kumunsi, osati msinkhu wa khoma. Amene wamvetsa zimenezi amathanso kufotokoza chifukwa chake magetsi amachepa pa chilala: madzi oti adutse amachepa, ndiponso nyanja ikaphwa mtunda wogwera umafupika.

NaPhiri, Tete:

Ndikuvomereza zimene anena a Mbewe, koma ndionjezepo kuti ntchito imeneyo ili ndi ziwerengero zochepa, pamene ophunzira ayeneranso kuzolowera deta yambiri ndi yosokonekera. Kwa ana a alimi a ku Angónia palibe choposa mvula. Deta ya mvula yotchedwa CHIRPS imapezeka mwaulere pa intaneti ndipo imayambira mu 1981, kotero mungathe kutenga ya Ulónguè ndi ya mzinda wa Tete n'kuziika pa galafu imodzi. Ophunzira adzaona kuti kumapiri mvula ndi yochuluka kuposa m'chigwa cha Zambezi, zimene akuzidziwa kale, koma adzaonanso mmene imasinthira chaka ndi chaka, ndipo adzafufuza okha nyengo za El Niño (kusintha kwa nyengo kumene kumabweretsa chilala kuno) za 2015/16 ndi 2023/24. Funso limene limawagwira mtima ndi la tsiku loyenera kubzala chimanga, pakuti ayenera kugwirizana kaye kuti mvula yobzalira ndi mamilimita angati pa masiku angati, ndipo akasintha lamulolo yankho limasinthanso. Auzeninso kuti deta imeneyi ndi yoyerekezera kuchokera ku setilaiti ndi malo oyezera nyengo, choncho ndi bwino kuifananiza ndi choyezera mvula cha pa koleji ngati chilipo.

Chenjezo limodzi: mafailo oterewa amalemba 12.5 ndi kadontho, pamene pulogalamu ya Excel ya m'Chipwitikizi imayembekezera 12,5 ndi kachizindikiro ka koma, ndiye muziwakonza kalasi isanayambe.

Jere, Tsangano:

Amayi, kuchepa kwa makompyuta kusakufooketseni. Ine ndimaona kuti milungu yoyambirira iyenera kukhala ya pepala, pensulo ndi rula, chifukwa wophunzira amene wadzisankhira yekha sikelo ndi kuika kadontho kalikonse ndi dzanja lake amadziwa chimene galafu ikunena, pamene kompyuta imajambula mzere wokongola ngakhale pa ziwerengero zopanda tanthauzo. Yambani ndi kalembera: chigawo cha Tete chinali ndi anthu pafupifupi 1.8 miliyoni mu 2007 ndi opitirira 2.6 miliyoni mu 2017. Ophunzira apeze mlingo wa kukula pa chaka, umene uli pafupi ndi 4 peresenti, awerengere zaka zimene chiwerengero chingawirikize kawiri, kenako anene ngati malasha a ku Moatize ndi anthu obwera kudzafuna ntchito angapitirize kukoka chiwerengero chotero kwa zaka 50.

Koma mayeso anu akapitiriza kufunsa mafomula oloweza, ophunzira adzaiona ntchito yonseyi ngati yongotayitsa nthawi. Perekani malikisi pa kulemba mayunitsi, pa kutchula zimene angoziganizira popanga modelo, ndi pa chiganizo chofotokoza ngati yankho lili lomveka.

NaBanda, Ulónguè:

Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi kalembera papepala, damu libwere m'mwezi wachiwiri, ndipo mvula ikhale ntchito ya magulu ya anthu asanuasanu mpaka kumapeto kwa semesita. Mayi NaPhiri, ndithandizeni pa chinthu chimodzi: kodi kwa ophunzira a chaka choyamba ndiwapatse deta ya tsiku ndi tsiku, kapena ndiyambe ndi ya mwezi ndi mwezi?